Ulangizi wa zachuma uli pawekha: mtengo wa tsiku, kontrakiti ndi manambala amene amagwetsa lipoti

Wongoyamba: Akuluakulu, moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumagwira ntchito ya ulangizi wa zachuma panokha kapena pa kakampani ka anthu awiri atatu. Mtengo wa tsiku mumauwerengera bwanji? Nanga kasitomala akanena kuti "tipatseni mtengo umodzi wa ntchito yonse", mumayambira pati kuti musadzipweteke?

A Phiri: Achimwene, ambiri amatenga malipiro a pachaka amene akufuna n'kuwagawa ndi masiku 260, chifukwa masabata 52 kuchulukitsa ndi masiku asanu amabala 260. Kulakwa kumayambira pamenepo. Masiku 260 amenewo simungawagulitse onse. Chotsanipo tchuthi, maholide ndi masiku odwala, tinene 35, mutsala ndi 225. Pa otsalawa, gawo lalikulu limathera pa ntchito imene palibe amene amakulipirani: kulemba ma proposal, kutumiza ma invoisi ndi kulondola ndalama, kukumana ndi anthu amene mwina adzakupatsani ntchito, za msonkho, kuphunzira zatsopano, komanso masabata ongokhala pakati pa kontrakiti ina ndi inzake. Pokonza bajeti ikani kuti 40 peresenti ipita kumeneko. Ogulitsa atsala 135.

Tsono masamu ake ndi awa, mtundu wa ndalama uikeni nokha. Mukufuna 60,000 pa chaka. Zoyendetsera ntchito, monga kompyuta, intaneti, layisensi ya mapulogalamu, akauntanti, inshuwalansi ndi penshoni imene kale bwana ankakuikirani, tinene 15,000. Zonse pamodzi 75,000. Kugawa ndi 135 kukupatsani pafupifupi 556 pa tsiku. Mukadagawa 60,000 ndi 260 mukadapeza 231. Ndiye kuti amene watchula 231 akugwira ntchito pa mtengo wosafika theka la umene akuyenera, ndipo adzazindikira chaka chikutha.

Nabanda: A Phiri, masamu ali bwino, koma 135 ndi ya munthu wodziwika kale amene mafoni amamupeza okha. Woyamba kumene aike masiku 80 mpaka 100 pa chaka choyamba, ndipo asayambe alibe ndalama zoti n'kukhalira miyezi isanu ndi umodzi. Chifukwa chake si kusowa ntchito kokha ayi. Ngakhale ntchito ipezeke lero, kusainirana kontrakiti kumatha kudya mwezi, lipoti loyamba mwezi wina, kenako invoisi imakakhala masiku 30 kapena kupitirira mu ofesi ya zachuma ya kasitomala. Ndalama yoyamba imalowa patatha miyezi itatu chiyambireni kukambirana, ndipo pamenepo zayenda bwino.

Chinanso, nambala ya a Phiri ija ndi malire a pansi, oti musatsike kupitirira apo. Mtengo weniweni umatengera wogula. Mabungwe akuluakulu ali ndi masikelo awo, amayang'ana zaka zimene mwagwira ntchito komanso mtengo umene munalipidwa pa makontrakiti apitawo. N'chifukwa chake kutsitsa kwambiri pa ntchito yoyamba kumakutsatirani: akakupemphani umboni wa malipiro akale, mtengo wotsika uja ndi umene umakhala poyambira.

Wongoyamba: Ndamva. Nanga za mtengo umodzi wa ntchito yonse zija?

A Mbewe: Makontrakiti ake alipo a mitundu iwiri. Wina amalipira masiku amene mwagwira, mumadzaza timesheet. Wina ndi wa lump sum, amalipira zimene mwapereka, kaya zakutengerani masiku angati. Wa lump sum ndi wabwino pokhapokha ntchito ili ndi malire ooneka. Ngati Terms of Reference (TOR, chikalata cha kasitomala chofotokoza ntchito imene akufuna) yangolembedwa kuti "kuthandiza unduna pa nkhani za ndondomeko ya zachuma", imeneyo musailandire pa lump sum, chifukwa ilibe pothera.

Kuti mupeze mtengo, iduleni ntchitoyo m'zigawo, chigawo chilichonse muchipatse masiku. Mwachitsanzo, kuunika ngati pulojekiti ya mthirira ili yaphindu: kuwerenga zolembedwa kale ndi kulemba inception report (lipoti loyamba lofotokoza mmene ntchito idzayendere) masiku 4, kusonkhanitsa data 8, kuikonza 6, kumanga model (masamu owerengera phindu ndi zowonongedwa) 8, kulemba lipoti 7, kukonza potsatira ndemanga 4, kukafotokoza zotsatira 2. Akwana 39. Onjezani 15 peresenti ya zosayembekezereka, afika 45. Chulukitsani ndi mtengo wanu wa tsiku. Maulendo, malo ogona ndi malipiro a ofunsa mafunso zikhale pa mzere wakewake, zisalowe m'malipiro anu.

Chigawo chimene anthu amachipeputsa nthawi zonse ndi kukonza data. Fayilo yochokera kwa kasitomala imabwera mayina a maboma atalembedwa m'njira zitatu zosiyana, zokolola zina mu makilogalamu zina mu matumba osadziwika kulemera kwake, chaka china chikusowa. Musatchule mtengo musanaione data ndi maso anu. Akakana kukuonetsani musanasaine, lembani mu proposal kuti masiku amenewa awerengedwa poganiza kuti data ibwera mu Excel kapena CSV yathunthu pofika tsiku lakuti, ndipo ikapanda kutero masiku adzaonedwanso.

Nachisale: Ndiwonjezere pa kontrakiti, chifukwa ndalama zambiri zimatayikira pa ndemanga. Mwapereka draft, kasitomala wakhala chete milungu isanu, kenako ndemanga zikubwera kuchokera kwa anthu asanu ndi awiri, aliyense payekha, ena akutsutsana. Wina akuti fupikitsani, wina akuti onjezani mutu wa nyengo umene sunali mu TOR. Malipiro anu omaliza amangiriridwa pa mawu akuti "lipoti likavomerezedwa", koma palibe pamene palembedwa amene amavomereza.

Mawu oti alowe mu kontrakiti ndi awa. Ndemanga zibwere pamodzi, mu chikalata chimodzi, kudzera mwa munthu mmodzi wotchulidwa udindo wake. Zibwere pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, ndipo akadutsa osayankha, lipoti litengedwe kuti lavomerezedwa. Kukonza kukhale maulendo awiri basi, kachitatu n'kolipira pa mtengo wa tsiku. Chilichonse chimene sichili mu TOR chilembedwe ngati ntchito yowonjezera ndipo chisainidwe musanachigwire. Mabungwe akuluakulu sasintha fomu yawo ya kontrakiti, zimenezo n'zoona, koma mfundo zomwezi mukhoza kuzilowetsa mu inception report, imene iwo eni amaivomereza ndi kusaina. Inception report ndiye chitetezo chanu chenicheni: lembanimo funso limene muyankhe, njira yake, data imene mugwiritse ntchito, ndi zimene simudzachita.

Malipiro agaweni kanayi, monga 20, 30, 30 ndi 20 peresenti. Kontrakiti yoika theka la ndalama pa lipoti lomaliza imakusandutsani wobwereketsa ndalama kwa kasitomala popanda chiwongoladzanja.

A Phiri: Zoona a Nachisale. Pa msonkho paja, maiko ambiri amalamula kasitomala kudula withholding tax asanakulipireni. Funsani msanga ngati mtengo wanu ndi wa msonkho usanadulidwe kapena utadulidwa, ndipo setifiketi ya msonkho wodulidwawo muitenge nthawi yomweyo, chifukwa ndi imene mudzaonetse pobweza mafomu a pachaka. Kasitomala akakhala wa dziko lina, onani ngati maiko awiriwo ali ndi pangano loletsa kudulidwa msonkho kawiri. Kontrakiti yaitali ikakhala mu ndalama imene ikugwa mphamvu, pemphani kuti mtengo umangiriridwe ku ndalama yolimba kapena uzionedwanso pakatha miyezi 12.

Wongoyamba: Ntchitozo zimapezeka kuti? Ma tenda a mabungwe akuluakulu munthu mmodzi angapikisane nawo?

Nabanda: Njira zilipo zitatu ndipo sizifanana. Yoyamba ndi kulembedwa ngati munthu payekha. World Bank kwa nthawi yaitali yakhala ikulemba anthu ngati short-term consultant, ndipo malire ake akhala masiku 150 pa chaka chawo cha zachuma, chimene chimayamba pa 1 July n'kutha pa 30 June. Mabungwe a United Nations amalengeza ntchito pa mawebusayiti awo ndi pa UNGM, webusayiti yawo ya matenda. Apa chimene chimayang'anidwa ndi CV, choncho ilembeni motsata zofunika za mu TOR mzere ndi mzere. Woyika malikisi sapereka malikisi pa luso limene sanalione litalembedwa.

Yachiwiri ndi kulowa mu timu ya kampani yaikulu imene ikupikisana pa tenda. Chenjerani apa. Kampani imatha kugwiritsa ntchito CV yanu kuti ipeze malikisi, ikapambana n'kukupatsani masiku 10 m'malo mwa 40 amene analembedwa mu proposal, otsalawo n'kupatsa antchito ake otsika mtengo. Musanapereke CV, pakhale kalata yosainidwa yotchula masiku, mtengo wa tsiku, ndi nthawi yolipira. Mawu akuti "tidzakulipirani kasitomala akatilipira" yesetsani kuwachotsa kapena kuwaikira malire a masiku.

Yachitatu ndi kakampani kanu kupikisana pakokha. Pa mapulojekiti a ngongole za mabanki a chitukuko, njira yofala ndi QCBS, kusankha potengera luso ndi mtengo: mumayamba ndi expression of interest (kalata yosonyeza kuti mukuifuna ntchitoyo), amasankha makampani ochepa, kenako mumapereka maenvelopu awiri, ya luso ndi ya mtengo. Kawirikawiri luso limalemera 80 ndipo mtengo 20, kapena 70 ndi 30. Malikisi a mtengo amapezeka pogawa mtengo wotsikitsitsa ndi mtengo wanu n'kuchulukitsa ndi 100. Tinene inu mwapeza 88 pa luso koma mtengo wanu wakwera ndi 25 peresenti kuposa wotsikitsitsa, malikisi anu a mtengo ndi 80. Zonse pamodzi, 0.8 kuchulukitsa 88 kuphatikiza 0.2 kuchulukitsa 80, zikwana 86.4. Mnzanu wotchipayo wapeza 80 pa luso ndi 100 pa mtengo, akwana 84. Mwapambana ndinu. Ndiye tsiku lina lowonjezera pa kulongosola bwino njira ya kafukufuku limapindula kuposa kudula mtengo. Kumbukiraninso kuti amene anathandiza kulemba TOR saloledwa kupikisana pa ntchito yomweyo.

A Mbewe: Werengeraninso mtengo wa ma proposal. Ngati imodzi imadya masiku atatu ndipo mumapambana imodzi pa zinayi, ntchito iliyonse yopezeka yakudyerani masiku 12 osalipidwa. Pa ntchito ya masiku 15 zimenezo sizikupindula. N'chifukwa chake timakampani tating'ono timakhalira makasitomala obwereza.

Gogo wa Stata: Mwakamba za ndalama mokwanira, ana inu. Tsono tikambe zimene zimachititsa kuti kasitomala asadzakuitaneninso, manambala olakwika. Pa cost-benefit analysis, ndiko kuyerekeza phindu la pulojekiti ndi ndalama zowonongedwa, zolakwa zake n'zomwezomwezo chaka ndi chaka.

Kusakaniza mitengo ya nominal (yokhala ndi kukwera mitengo mkati mwake) ndi ya real (yochotsedwa kukwera mitengoko). Phindu la zaka 20 laikidwa pa mitengo ya lero, koma discount rate (peresenti yotsitsira phindu la mtsogolo kuti lifike pa mtengo wa lero) yatengedwa ku chiwongoladzanja cha banki chimene chili kale ndi kukwera mitengo kwa zinthu mkati mwake. Chiwongoladzanja chikakhala 12 peresenti ndipo mitengo ikukwera ndi 8 peresenti, real rate ndi 1.12 kugawa ndi 1.08 kuchotsa 1, pafupifupi 3.7 peresenti. Mukagwiritsa 12 pa mitengo yosasintha, mwaipha pulojekiti yabwinobwino.

Kuwerenga phindu kawiri. Msewu watsopano wafupikitsa ulendo, mwawerenga nthawi yopulumutsidwa, kenako mwawonjezeranso kukwera mtengo kwa malo a m'mbali mwa msewuwo. Malowo akwera mtengo chifukwa cha nthawi yomweyo, ndi phindu limodzi looneka pawiri.

Kuika malipiro a antchito ku mbali ya phindu. Kasitomala amakonda kumva kuti "pulojekiti ibweretsa ntchito 500", koma malipiro ndi ndalama zotuluka. Pamene ulova uli waukulu mukhoza kugwiritsa shadow wage (malipiro oyerekeza m'malo mwa enieni) yotsikirapo, koma ikhalabe ku mbali ya zowonongedwa. Misonkho ndi sabuside nazo ndi ndalama zongosamuka kuchoka m'thumba lina kupita lina, zimalowa mu financial analysis (yoona thumba la mwini pulojekiti) koma mu economic analysis (yoona dziko lonse) zimachotsedwa. Ndalama zimene zinawonongedwa kale chisankho chisanafike sizilowanso.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi kuyerekeza ndi chiyani. Funso si lakuti zinthu zinali bwanji kale ndipo zili bwanji tsopano, koma zikadakhala bwanji pulojekiti ikadapanda kubwera. Zokolola zikakwera chaka chimene mvula inagwa bwino paliponse, si pulojekiti imeneyo.

Nachisale: Agogo, pa discount rate pomwepo, mumasankha iti? Chifukwa nambala imeneyi yokha imatha kutembenuza yankho.

Gogo wa Stata: Imatembenuzadi. Phindu la 100 lobwera patatha zaka 10, pa 10 peresenti ndi 38.6 lero, pa 3.5 peresenti ndi 70.9. Likabwera patatha zaka 30, pa 10 peresenti latsala 5.7 yokha, pa 3.5 ndi 35.6. Pulojekiti ya nkhalango kapena ya maphunziro a ana, imene phindu lake limachedwa, imafa kapena kukhala ndi moyo pa nambala imeneyi. Musasankhe nokha mwakachetechete. Gwiritsani imene boma kapena wopereka ndalama anakhazikitsa. Green Book, malangizo a boma la Britain ounikira mapulojekiti, imagwiritsa 3.5 peresenti pa zaka 30 zoyamba kenako imatsika, pamene mabanki a chitukuko kwa nthawi yaitali ankagwiritsa 10 mpaka 12. Igwirizanidwe mu inception report, ndipo muonetse NPV (phindu lonse kuchotsa zowonongedwa, pa mtengo wa lero) pa ma rate atatu.

A Mbewe: Apa ndisiyana nanu pang'ono agogo. Kuonetsa ma rate atatu, ma scenario asanu ndi matebulo khumi kumamusiya wolamula ali m'malere. Iye akufuna kudziwa ngati amange kapena asamange. Chothandiza kwambiri ndi switching value: mtengo womangira uyenera kukwera ndi maperesenti angati kuti NPV ifike pa ziro, kapena zokolola zitsike kufika pati. Mukamuuza kuti pulojekiti ikhala yaphindu pokhapokha mtengo womangira usakwere kupitirira 18 peresenti, iye amadziwa yekha ngati makontrakitala ake amakwanitsa zimenezo. Kafukufuku wa Bent Flyvbjerg pa mapulojekiti akuluakulu a zomangamanga anaonetsa kuti kupyola bajeti ndi chizolowezi, si ngozi, choncho yerekezani bajeti ya kasitomala ndi zimene mapulojekiti ofanana nayo anawonongadi atatha.

Gogo wa Stata: Sitikutsutsana kwenikweni. Switching value ikhale pa tsamba loyamba, matebulo apite ku annex. Koma akhalepo, chifukwa amene adzaunike lipoti lanu ndi katswiri mnzanu, osati wolamula uja.

Nabanda: Za annex zandikumbutsa. Excel ndi yabwino pa model imene kasitomala adzaigwiritse yekha, koma ikhale ndi mwambo: zongoganizira zonse pa tsamba limodzi, chilichonse ndi gwero lake, osalemba nambala mkati mwa fomula, ndi mzere woyesa ngati zophatikiza zikugwirizana. Nkhani ya Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff aliyense wa ntchito ino aidziwe. Pepala lawo la 2010 linasonyeza kuti maiko a ngongole yopitirira 90 peresenti ya GDP (chuma chimene dziko limapanga pa chaka) chuma chawo chimatsika ndi 0.1 peresenti pa avereji. Mu 2013 Thomas Herndon, wophunzira pa University of Massachusetts Amherst, ndi aphunzitsi ake awiri anapeza kuti fomula ya mu Excel inasiya mizere ya maiko asanu, kuphatikizapo mavuto ena a kasankhidwe ka data ndi kalemeretsedwe kake. Atakonza, avereji inakhala kukula kwa 2.2 peresenti. Awo anali maprofesa otchuka. Pawekha ulibe wokuonera ntchito, choncho ikani tsiku limodzi kapena awiri mu bajeti oti mnzanu wina adutse mu model yanu lipoti lisanapite.

Kukonza data ndi ma regression zichitike mu script (malamulo olembedwa oti kompyuta itsatire), kaya mu pulogalamu ya Stata, R kapena Python, osati pamanja. Fayilo yoyambirira isakhudzidwe. Kasitomala akabwera patatha miyezi isanu ndi itatu kufunsa kuti nambala ya pa tebulo 4 inachokera kuti, mungoyendetsa script n'kumuonetsa.

Wongoyamba: Kafukufuku wa m'makomo, nambala ya mabanja oti afunsidwe mumaipeza bwanji? Ma TOR ambiri amangolemba 384.

Gogo wa Stata: 384 imachokera ku fomula ya kusankha mwachisawawa munthu mmodzimmodzi, pa 95 peresenti ndi kuphonya kwa 5 peresenti mbali iliyonse. Koma kafukufuku weniweni amasankha midzi kapena madera kaye, kenako mabanja mkati mwake, ndipo anthu a dera limodzi amafanana. Design effect, nambala yochulukitsira 384 ija, imapezeka motere: chiwerengero cha mabanja pa dera kuchotsa 1, kuchulukitsa ndi intra-cluster correlation (muyeso wa kufanana kwa anthu a dera limodzi), kenako kuphatikiza 1. Mabanja 20 pa dera ndi correlation ya 0.05 zimabala 1.95, ndiye 384 ija yasanduka pafupifupi 750, musanawonjezere okana kuyankha. Mukafunanso zotsatira za chigawo chilichonse pachokha, nambalayo ikufunika pa chigawo chilichonse. Madera ambiri okhala ndi mabanja ochepa amaposa madera ochepa okhala ndi mabanja ambiri, ngakhale mayendedwe amadula.

Musanapite kukafunsa anthu, onani zimene zilipo kale: kafukufuku wa LSMS wa World Bank (wa moyo wa mabanja), wa DHS (wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo), World Development Indicators, ndi World Economic Outlook ya IMF imene imatuluka mu April ndi October. Pogwiritsa data ya mtundu wa LSMS kapena DHS musaiwale ma weight, manambala osonyeza kuti banja lililonse likuimira mabanja angati. Mu Stata ndi svyset, mu R ndi package ya survey. Mu DHS, weight yotchedwa v005 imayenera kugawidwa ndi 1,000,000. Posonkhanitsa zanu, KoboToolbox, ODK, SurveyCTO kapena Survey Solutions zimalola kuika malire pa mayankho, kuti munda wa mahekitala 500 usalowe pamene wofunsa amafuna kulemba 0.5. Yang'anani data madzulo aliwonse pa sabata yoyamba, chifukwa wofunsa amene sanamvetse funso amalakwitsa mofanana pa banja lililonse.

A Phiri: Funso limene silinafunsidwe koma lidzakupezani achimwene: kasitomala akafuna kuti nambala isinthe. Sanena poyera. Amati "kodi simungaonenso zongoganizira zanu zija?" Njira yake ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri. Akabweretsa umboni watsopano, monga mitengo yeniyeni ya makontrakitala kapena data imene munalibe, sinthani ndipo lembani chifukwa chake. Akabwera ndi chikhumbo chokha, muuzeni kuti mukhoza kuika nambala yakeyo ngati scenario yowonjezera yolembedwa kuti yachokera kwa kasitomala, koma nambala yaikulu ikhala yomweyo. Zokambirana za pafoni zitsatidwe ndi imelo yofotokoza zimene mwagwirizana. Kontrakiti isamangirire malipiro anu pa zotsatira, monga bonasi ngongole ikavomerezedwa, chifukwa lipoti lotero aliyense wodziwa amalikayikira.

Nachisale: Ndipo onani ndime ya umwini. Makontrakiti ambiri amati zonse zimene mwapanga ndi za kasitomala. Lipoti ndi data zikhale zake, koma ma template ndi code imene munali nayo kale ilembedwe kuti ndi yanu ndipo iye wangololedwa kuigwiritsa ntchito, apo ayi simudzaloledwa kuigwiritsanso kwina. Ndime ya liability (ndalama zimene mungalipitsidwe mukalakwitsa) nayo, pemphani kuti malire ake akhale mtengo wa kontrakitiyo. Makasitomala ena amafuna professional indemnity insurance, inshuwalansi ya zolakwa za pa ntchito, musanasaine. Inshuwalansi imeneyi kawirikawiri imalipira madandaulo obwera pamene ili yamoyo, osati potengera nthawi imene ntchito inagwiridwa, choncho musaidule mwezi umene ntchito yatha.

Wongoyamba: Zikomo kwambiri akuluakulu. A Mbewe, pa masiku 45 aja, tsiku la mnzanga wodzaona model lilowe pati?

A Mbewe: Pa mzere wakewake pakati pa kumanga model ndi kulemba lipoti, masiku awiri, pa mtengo wa iyeyo osati wanu. Mulitchule kuti quality assurance, makasitomala ambiri salikana. Mumupatse fayilo ndi TOR yokha, osamuuza yankho limene mwapeza, kuti aone ngati afika pomwepo.